Tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje: malo, msonkho ndi dengu

Ku Kafue kulibe munda wa tiyi. Tauniyi inakula ndi fakitale ya nsalu ya Kafue Textiles of Zambia ndi ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia, ndipo nyumba za ku Kafue Estates anamangira anthu ogwira ntchito m'mafakitalewa, pa nthawi imene boma la Kenneth Kaunda linkasonkhanitsa makampani akuluakulu pansi pa INDECO. Koma tiyi amamwedwa m'nyumba zimenezi m'mawa uliwonse. Wophunzira wa kumeneko amene akufuna kudziwa yemwe anathyola masambawo, komanso ndalama zimene analandira, ali ndi njira ziwiri. Ina ndi ya kumpoto, ku Kawambwa m'chigawo cha Luapula, kumene kuli munda waukulu wa tiyi wa dziko la Zambia. Ina ndi ya kum'mawa: Lusaka, Chipata, kudutsa malire pa Mwami, Lilongwe, Blantyre, kenako kukwera mtunda wa ku Bvumbwe mpaka maso ataona zitunda zobiriwira za Thyolo. Ine ndingamulangize njira yachiwiriyi, chifukwa kumeneko nkhani ya tiyi yatha zaka zoposa 130, ndipo zambiri zinalembedwa.

Ophunzira ambiri akamafufuza za malonda a tiyi amayambira pa mtengo: kilogalamu ikugulidwa bwanji pa okushoni ya ku Limbe, nanga paketi ikugulitsidwa bwanji m'sitolo ku London kapena ku Johannesburg. Mafunsowa ndi abwino. Koma amene wakhala masiku angapo akuwerenga mafayilo akale ku National Archives ku Zomba, kapena mabuku a Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre, amazindikira kuti malipiro a wothyola tiyi sanayambire pa msika. Anayambira pa malo. Munthu amene ali ndi munda womukwanira savomera kuthyola masamba a mwini wake tsiku lonse pa ndalama yochepa, ndipo mbiri yonse ya tiyi kummwera kwa Malawi ndi mbiri ya mmene anthu otere anapezekera ambiri.

Mbewu yake inafika ndi amishoni a ku Scotland. Anayesa kuidzala pa mishoni ya Blantyre mu 1878 koma sinachite bwino, ndipo anayesanso m'zaka za m'ma 1880. Kuchokera pa mitengo yochepa imene inapulumuka pamenepo, Henry Brown anatenga njere mu 1891 nkukadzala ku Mulanje, kumene maesiteti a Thornwood ndi Lauderdale amawerengedwa kuti ndi oyamba. Pa nthawiyo palibe mzungu amene ankaika mtima pa tiyi. Onse ankathamangira khofi, mpaka chizindikiro cha dziko la British Central Africa chinali ndi mtengo wa khofi. Zaka za m'ma 1900 zitangoyamba, khofiyo anagwa chifukwa cha tizilombo, chilala ndi kutsika kwa mtengo pamene dziko la Brazil linadzaza msika. Ena anatembenukira ku thonje, ena ku fodya. Amene anali m'munsi mwa phiri la Mulanje, kumene mvula imagwa yambiri ndipo chiperoni chimanyowetsa nthaka ngakhale m'miyezi yozizira, anaona kuti tiyi ndiye akugwirizana ndi malowo. Ku Thyolo anatsatira pambuyo pake. Njanji inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo mlatho wa pa Zambezi utatsegulidwa mu 1935, mabokosi a tiyi ankakwezedwa pa Luchenza nkukafika ku doko la Beira osatsitsidwa panjira.

Malo odzalapo anali atawatenga kale. Dzikoli lisanakhale pansi pa Britain mu 1891, amalonda ndi alimi achizungu ankapita kwa mafumu a Amang'anja ndi Ayao ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi onga, nkubwerako ndi pepala lonena kuti agula dera lonse. Mfumu inkaganiza kuti yapatsa mlendo pokhala, monga mwa mwambo. Mlendoyo ankati wagula nthaka mpaka muyaya. Harry Johnston, bwanamkubwa woyamba, anavomereza ambiri mwa mapepala amenewa kuyambira mu 1892 popereka zikalata zotchedwa Certificates of Claim. Munthu mmodzi yekha, Eugene Sharrer, anatenga maekala oposa 300,000, amene pambuyo pake anakhala a British Central Africa Company. M'zikalatamo munali mawu oteteza midzi imene inalipo kale, oti anthu ake asasamutsidwe kapena kulipitsidwa lendi. Koma ulimi wa makolo unali wosuntha: munda ukaguga, anthu ankatsegula mphanje pena. Mudzi ukangosuntha pang'ono, mwini esiteti ankati chitetezo chija chatha.

Kenako kunabwera Alomwe. Kuyambira m'zaka za m'ma 1890, ndipo mochuluka zedi m'zaka makumi otsatira, mabanja ankawoloka malire kuchokera ku Mozambique, kuthawa nkhondo za Apwitikizi, msonkho wawo, ntchito yokakamiza ndi njala. Ankafika ndi mitolo pamutu kudzera kum'mawa kwa phiri la Mulanje ndi m'mbali mwa mtsinje wa Ruo. Eni maesiteti anawalandira ndi manja awiri, chifukwa anthuwa analibe dzina m'chikalata chilichonse ndipo kubwerera kwawo kunali kosatheka. Ankapatsidwa pomanga nyumba ndi kamunda ka chimanga, chinangwa ndi nandolo, ndipo malipiro a malowo anali ntchito. Imeneyi ndiyo inatchedwa thangata. Pakati pa makolo, kuthangata kunali kuthandizana kumunda, mwini ntchito nkuphika mowa kapena nsima. J. A. K. Kandawire analemba buku lonse mu 1979 lofotokoza mmene chizolowezi chimenechi chinasandukira goli. Pa esiteti, thangata ankati ndi mwezi umodzi wa lendi ndi mwezi wina wa msonkho. Koma wowerenga masiku anali bwana yemweyo, ndipo miyezi iwiri inkatha kukhala inayi kapena kuposa. Tsiku limene kapitawo wanena kuti mgwazo sunathe silinkalembedwa pa tikiti.

Boma nalo linkakankha kuchokera mbali ina. Msonkho wa nyumba unkafuna ndalama, ndipo ndalama zinkapezeka kwa mzungu. Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 mpaka 1921, munthu amene wagwira ntchito mwezi wathunthu kwa mzungu nkulandira chikalata chake ankalipira theka la msonkho. Amene wakhala pamudzi akulima zake ankalipira wonse. Wophunzira ayenera kuima pamenepa nkuganiza bwino, chifukwa mabuku ena amalemba ngati anthu ankakhamukira ku esiteti pofuna chitukuko. Lamulo la msonkho linalembedwa dala kuti munthu asakhale ndi mtendere pa munda wake.

Nyengo imene thangata ankafunidwa ndiyo inkapweteka kwambiri. Tiyi amaphuka kwambiri mvula ikagwa, kuyambira Disembala mpaka Epulo, ndipo masamba akapanda kuthyoledwa pa nthawi yake amakhwima nkutaya mtengo. Miyezi yomweyo ndi imene munthu amadzala, kupalira ndi kubandira chimanga chake. Bambo akakhala ku esiteti Januwale yense, munda wa kunyumba umamera udzu, zokolola zimachepa, ndipo chaka chotsatira njala imamubwezera ku esiteti komweko kukafuna phoso. Mkombero umenewu sunathe ndi atsamunda. Mpaka lero miyezi imene madengu amadzaza msanga ndi miyezi imene nkhokwe za m'midzi yoyandikana ndi esiteti zimakhala zopanda kanthu.

John Chilembwe anaona zimenezi ali pa mishoni yake ya Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Esiteti yoyandikana nayo, ya A. L. Bruce ku Magomero, inali ya thonje ndi fodya osati tiyi, koma thangata wake anali yemweyo ndipo ambiri mwa omugwira anali Alomwe. Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu a Chilembwe anapha woyang'anira esitetiyo, William Jervis Livingstone, ndipo pa 3 Febuluwale Chilembwe naye anaphedwa akuthawira cha ku Mozambique. Bungwe lofufuza limene boma linakhazikitsa linamva umboni wa zikoti, wa matikiti osalembedwa ndi wa matchalitchi otenthedwa. Lamulo la 1917 linayesa kusintha thangata kuti akhale lendi ya ndalama, koma eni maesiteti sanalilabadire. Lamulo la 1928, la Natives on Private Estates, linati munthu angathe kulipira ndi ndalama, ndi ntchito, kapena ndi mbewu zogulitsa kwa mwini malo. Linaperekanso mphamvu kwa mwini malo yothamangitsa gawo limodzi mwa magawo khumi a anthu ake zaka zisanu zilizonse, popanda kupereka chifukwa. Aliyense ankadziwa kuti wokana ntchito ndiye adzakhale woyamba kugwetseredwa nyumba.

Chimene chinalemeretsa tiyi wa Nyasaland chinachitikira kutali. Chuma cha dziko lonse chitagwa mu 1929, mtengo wa tiyi unatsika kwambiri, ndipo mu 1933 alimi a ku India, Ceylon ndi Dutch East Indies anagwirizana zochepetsa tiyi wotumiza kunja kuti mtengo ukwere. Nyasaland inalowa nawo m'dongosololi pambuyo pake, ndi malire pa maekala atsopano, koma inapindula ndi mtengo wokwerawo. Maesiteti amene anali atadzala kale anaona phindu limene alimi a fodya ndi thonje ankangolilota. Makampani a ndalama zambiri anali atafika: J. Lyons, ya malo omwera tiyi ku London, inali ndi Lujeri ku Mulanje. Ignaco Conforzi wa ku Italy anali ku Thyolo. Maclean Kay anayambitsa Satemwa mu 1923. Robin Palmer, amene anafufuza nyengo imeneyi nkulemba nkhani ziwiri mu Journal of African History mu 1985 ndi 1986, anaonetsa kuti phindulo silinatsikire kwa wantchito. M'zaka za m'ma 1930 tikiti ya masiku makumi atatu inkabweretsa pafupifupi mashilini asanu ndi limodzi, kuphatikizapo phoso la ufa, nyemba ndi mchere. Nyumba za m'komboni zinali zoipa, ndipo ana ang'onoang'ono ankapalira ndi kuthyola limodzi ndi akuluakulu.

Mbali ya kafukufuku ameneyu imene ndimaikonda ndi yonena za mmene antchitowo ankayankhira. Analibe bungwe, analibe nyuzipepala, ndipo kunyanyala ntchito poyera kukanawathamangitsa pa malo. Koma sanali anthu ongolandira chilichonse. Ankajomba mvula ikagwa bwino kuti akadzale kwawo. Ankamaliza mgwazo dzuwa lisanapendeke nkukana kuonjezera. Tikiti ya masiku makumi atatu ankatha kuikoka miyezi iwiri. Amene sanali omangika ndi malo ankasiya esiteti ya kapitawo wankhanza nkukalembetsa kwina, ndipo mbiri ya bwana woipa inkayenda msanga m'misika ndi pa maliro. Anyamata ankangodutsa, ulendo wa ku Halale kapena ku Joni, ena kudzera ku mabungwe olemba anthu ntchito a Wenela ndi Mthandizi, ena paokha wapansi, chifukwa mgodi unkalipira kangapo kuposa dengu. M'makalata a eni maesiteti opita ku boma mwadzaza madandaulo oti anthu akuda ndi aulesi. Wowerenga mwanzeru amaona kuti chimene bwana ankachitcha ulesi chinali munthu akuyesa kusunga munda wake, thupi lake ndi ulemu wake pa malipiro osakwanira. Makalata amenewa analemba ndi mabwana ndi ma DC. Mawu a wothyola mwini amamveka mwa apo ndi apo, pa mlandu kapena pamaso pa bungwe lofufuza, ndiponso kudzera mwa womasulira. Nchifukwa chake fayilo payokha sikwanira, ndipo wophunzira ayenera kukakhala pa mphasa ndi agogo a ku Thyolo amene makolo awo anagwira thangata, kuwapatsa ulemu wawo, ndi kudikira mpaka iwo eni atafuna kulankhula.

Nkhondo yachiwiri itatha, anthu anali atachuluka ndipo malo a m'midzi ya mafumu anali atadzaza, pamene maekala ambiri a maesiteti ankangokhala tchire. Sir Sidney Abrahams, amene anatumidwa kudzafufuza za malo mu 1946, analangiza boma kuti ligule malo osalimidwa nkukhazikapo anthu. Boma linayamba kugula, koma pang'onopang'ono, ndipo ambiri mwa malo ogulidwawo sanali achonde. Chilala cha 1949 chinapeza anthu ali ofooka kale. Kenako lendi ya pa esiteti inakwezedwa kuchoka pa mashilini 20 kufika pa mashilini 52 ndi theka, pa nthawi yomwe chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinkakakamizidwa pa anthu osachifuna. Mu Ogasiti 1953 mkangano wa malalanje pa esiteti ya Mangunda, kufupi ndi Luchenza, unayatsa moto. Anthu anatseka misewu ndi mitengo, anadula mawaya a telefoni, anakana ntchito, ndipo chipolowe chinafalikira kuchoka ku Thyolo kupita ku maboma oyandikana nawo. Apolisi anaombera, ndipo anthu 11 anafa. Mabuku a sukulu amathamangira ku zochitika za 1959, koma kwa anthu a ku Thyolo nkhondo yolimbana ndi chitaganya ndi yolimbana ndi thangata inali imodzi, ndipo magazi anayamba kukhetsedwa mu 1953. Thangata anathetsedwa mwalamulo mu 1962, chipani cha Malawi Congress chitapambana chisankho cha 1961.

Ufulu wa 1964 sunakhudze minda ya tiyi. Boma linali litagula malo ambiri a tchire ndi okhala anthu, koma malo odzalidwa anatsala m'manja mwa makampani, ndipo Dr. Hastings Kamuzu Banda ankafuna ndalama zakunja zimene tiyi ankabweretsa. Mabungwe a anthu apantchito, amene anathandiza pa nkhondo ya ufulu, anaikidwa pansi pa chipani nkukhala chete. Malipiro otsikitsitsa ankalengezedwa ndi boma ndipo ankatha zaka osasuntha. Ndege yonyamula anthu ochokera ku migodi itagwa ku Francistown mu 1974 nkupha Amalawi oposa 70, Kamuzu anaimitsa Wenela, ndipo khomo limene anyamata ankathawirako linatsekeka. Manja ofuna ntchito anachuluka pa geti la esiteti. Panali zabwino zina. Ku Mimosa, m'boma la Mulanje, bungwe la Tea Research Foundation of Central Africa linapanga mitundu ya tiyi yobereka kwambiri ndi yokoma, imene inadzalidwanso m'maiko ena. Mu 1967 kunakhazikitsidwa Smallholder Tea Authority kuti alimi ang'onoang'ono nawonso adzale tiyi, ndipo anawamangira fakitale yawo ya MATECO ku Mulanje. Tsopano munthu wakuda ankathyola tiyi m'munda wake. Koma bungwelo linalowa m'ngongole m'zaka za m'ma 1990, alimi ankadikira miyezi kuti alipidwe, ndipo ambiri anabwerera kukagulitsa masamba awo ku mafakitale a maesiteti, kumene amagulitsa mpaka lero. Tsamba la tiyi likathyoledwa liyenera kufika ku fakitale tsiku lomwelo. Mlimi sangalisunge m'nkhokwe kudikira mtengo wabwino monga achitira ndi nandolo.

Apa mpamene wophunzira wa ku Zambia angayerekeze ndi kwawo. Tiyi wa ku Kawambwa sanayambe ndi atsamunda. Anayamba ndi boma la Kaunda, limene linkafuna kuti dziko lisamagule tiyi kunja ndiponso kuti anthu a ku Luapula apeze ntchito kwawo. Maganizo ake anali omwewo amene anamanga mafakitale a ku Kafue. Makampani a boma atayamba kugulitsidwa mu ulamuliro wa Frederick Chiluba, munda wa Kawambwa unagulitsidwa mu 1996, unadutsa m'manja angapo, antchito anakhala nthawi yaitali osalandira, mpaka boma linautenganso nkuupereka ku kampani ya ZAFFICO. Ku Kafue nakonso fakitale ya nsalu inafooka nkutseka, salaula ndi nsalu zakunja zitadzaza msika, ndipo anthu anadikira zaka kuti alandire ndalama zawo zopumira. Kusiyana kwake kuli pa nyumba. Kuyambira mu 1996 boma la Zambia linagulitsa nyumba zambiri za makhonsolo ndi za makampani a boma kwa amene ankakhalamo, kotero kuti munthu ankatha kutaya ntchito koma nkutsala ndi denga. Pa esiteti ya tiyi nyumba ndi ya kampani. Ntchito ikatha, kiyi amabwezedwa, ndipo zimenezi munthu amazikumbukira asanatsegule pakamwa kudandaula.

Ku Malawi pakamwa panatseguka mu 1992. Kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi, Chakufwa Chihana, mtsogoleri wa mabungwe a apantchito, anamangidwa mu Epulo, ndipo mu Meyi antchito a fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre ananyanyala ntchito, ena ambiri nkutsatira. Malamulo atsopano anabwera: Labour Relations Act mu 1996, Employment Act mu 2000. Komabe panapita zaka zina zambiri kuti antchito a tiyi akhale pa tebulo limodzi ndi mabwana awo. Mgwirizano woyamba wa malipiro pakati pa Tea Association of Malawi ndi bungwe la Plantation and Agricultural Workers Union unasainidwa mu 2016, patatha zaka 125 chidzalireni tiyi ku Mulanje.

Tsopano za mtengo zija. Malawi amatulutsa makilogalamu pafupifupi 45 mpaka 50 miliyoni a tiyi pa chaka, ndipo pa nyengo ya mvula maesiteti amalemba anthu pafupifupi 50,000, ambiri mwa iwo a kanthawi chabe. Wothyola amatenga masamba awiri a kunsonga ndi kamphukira kake, kuponya m'dengu la kumsana, nkukapimitsa pa sikelo. Kwa zaka zambiri mlingo wa tsiku unali makilogalamu 44, ndipo zoposera pamenepo ndi zimene zinkabweretsa kabonasi. Masamba aawisi olemera makilogalamu anayi ndi theka kapena asanu amatulutsa kilogalamu imodzi ya tiyi wouma, atafotetsedwa, kudulidwa, kusiyidwa kuti afiire, kuumitsidwa ndi kusefedwa. Wina amagulitsidwa pa okushoni ya ku Limbe, imene pamodzi ndi ya ku Mombasa ndiyo misika yodziwika ya tiyi mu Africa. Wambiri amagulitsidwa mwachindunji kwa ogula akunja, makamaka a ku Britain ndi South Africa. Okushoni ya ku London, imene inkalamula mitengo kwa zaka mazana atatu, inatsekedwa mu 1998, koma mphamvu inatsala kumene inali, kwa makampani ochepa amene amasakaniza tiyi, kumuika m'timapaketi ndi kulembapo dzina. Tiyi wa ku Malawi amamufuna chifukwa cha kufiira kwake mu kapu, ndipo amamusakaniza ndi wa ku Kenya kapena ku India, moti womwa sadziwa nkomwe kuti Thyolo ali m'kapu mwake. Ndalama zambiri zimapangidwa pa kusakaniza, kulongedza ndi kugulitsa, ndipo zonsezi zimachitika tiyi atachoka kale m'dziko.

Eni maesiteti akamanena kuti sangakweze malipiro kwambiri, si bodza lokhalokha. Dziko lilibe doko, mayendedwe opita ku Beira, Nacala kapena Durban ndi okwera mtengo, mvula ndi ya nyengo imodzi pamene ku Kenya amathyola chaka chonse, mitengo yambiri ndi yakale, ndipo tiyi wachuluka pa msika wa dziko lonse. Ndimavomereza zonsezi. Chimene sindivomereza ndi choti pa mzere wonse wa anthu odya za tiyi, woyamba kuuzidwa kuti apirire azikhala mayi wa dengu kumsana. Lipoti la Oxfam ndi Ethical Tea Partnership la 2013 linapeza kuti malipiro a othyola ku Malawi ankakwanira lamulo koma anali pansi pa muyezo wa umphawi wadzaoneni. Zimenezi zinabala pulogalamu ya Malawi Tea 2020, imene inasainidwa mu 2015 ndi alimi, ogula ndi mabungwe, ndi cholinga choti pofika 2020 wantchito azilandira zomukwanira pa moyo. Malipiro anakwera, chakudya cha masana chinakonzedwa, mpata unachepa, koma cholingacho sichinafikidwe, ndipo kugwa kwa kwacha kwakhala kukudya zimene zinapezekazo. Chizindikiro cha Fairtrade nacho chathandiza magulu monga Sukambizi ku Mulanje kumanga milatho, zipinda za sukulu ndi mijigo, ngakhale kuti ndi gawo chabe la tiyi wawo limene limagulidwa pa mtengo umenewo.

Pali nkhani ina imene mafayilo akale sanaikhudze, yomwe amayi ankangonong'onezana pa mjigo. Pamene ntchito ndi ya kanthawi, ndipo woilemba, wogawa mizere ndi wowerenga sikelo ndi mwamuna mmodzi, mayi wofuna kubwereranso chaka chamawa amakhala m'manja mwake. Amayi 36 anasumira kampani ya Camellia, mwini wa Eastern Produce Malawi, ku khoti la ku London kudzera mwa maloya a Leigh Day, ponena kuti anagwiriridwa ndi kuzunzidwa pa ntchito. Mu Febuluwale 2021 kampaniyo inagwirizana nawo kunja kwa khoti, popanda kuvomera mlandu, nkulipira mapaundi 2.3 miliyoni ndi kulonjeza zosintha, kuphatikizapo kuphunzitsa amayi kuti akhale oyang'anira. Zimandiwawa kuti amayi a ku Thyolo ndi Mulanje anachita kuwoloka nyanja kuti amvedwe.

Nkhani ya malo ija ikadali pomwepo. Thyolo ndi Mulanje ali pakati pa maboma othithikana kwambiri m'dziko, ndipo mabanja ambiri amalima kamunda kosakwana ekala, ena m'mapiri otsetsereka kumene madzi amakokolola nthaka chaka ndi chaka, kutsidya kwa msewu kuli tiyi ndi bulugama mpaka kumene maso alekezera. Zidzukulu za Alomwe aja zinatulutsa mtsogoleri wa dziko, Bingu wa Mutharika wa ku Thyolo, amene anayambitsa Mulhako wa Alhomwe, ndipo chaka chilichonse anthu amasonkhana pa Chonde kuvina tchopa monyadira mtundu umene kale unkanyozedwa. Koma malire a maesiteti sanasunthe kwenikweni. Pulogalamu ya Kudzigulira Malo, imene inayamba mu 2004 ndi ndalama za World Bank, inathandiza mabanja pafupifupi 15,000 kupeza minda, ambiri a iwo ku Machinga ndi Mangochi. Kwa a ku Thyolo ndi Mulanje zimenezi zinatanthauza kusiya manda a makolo awo nkukayamba moyo kuchilendo. Amene anatsala ena anatsatira Vincent Wandale ndi People's Land Organisation, amene ankafuna malo osalimidwa a maesiteti ndi chipukuta misozi cha thangata, mpaka analengeza kuti maboma awiriwa ndi dziko loima palokha. Wandale anamangidwa, ndipo ambiri m'tauni anamuseka. M'midzi ya m'malire mwa maesiteti anthu ankapita ku misonkhano yake ndi makasu m'manja, ndipo zikalata zimene ankazitsutsa zinachokera pa zija Harry Johnston anayamba kusaina mu 1892.